Masiku asanu kwa Chembe, mudzi wa asodzi ku Cape Maclear

Lolemba

Kuchokera ku Lilongwe tadzera msewu wa M1, kupitirira Dedza mpaka pa Masasa, pomwe takhotera kumanzere n'kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Msewu ndi wa phula, koma ndi mtsetse wokhotakhota, ndipo chimene chimavutitsa madalaivala pano ndi mabuleki. Tsikani ndi giya yachiwiri kuti injini izigwira galimoto. Mukapondereza buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi imatentha, imayamba kununkha chopserera, kenako phazi limangolowa osagwira kanthu. Fungolo likangomveka imani pambali, dikirani mphindi 20 kapena 30. Osathirapo madzi, chitsulo chotentha chimapindika. Amene sakufuna phirili adzere ku Salima n'kutsata M5, ndi kotalikirapo koma n'kwachidikha. A ku Blantyre njira yawo ndi ya Zomba, Liwonde, Mangochi.

Patatsala makilomita ochepa kuti mulowe ku Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18. Obwera pa minibasi amatsikira pamphambanopo n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, kapena amalowa ku Monkey Bay kukadikira matola. Mtengo mugwirizane musanakwere, katundu mumutchuliretu, chifukwa mkangano wa pofika umakhala wa chikwama. Njinga imodzi munthu mmodzi. Malo ena ali ndi mchenga wotitimira, ndipo njinga yonyamula atatu imagwera pamenepo.

Ndalama ndi mafuta a galimoto mutengeretu ku Dedza, Salima kapena Mangochi. Kwa Chembe kulibe banki. A Airtel Money ndi Mpamba alipo, koma usipa ukaphedwa wambiri ogula amatapa nthawi imodzi ndipo ndalama zimawathera.

Musanafike kumudzi, pambali pa msewu pali Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu cha mizere yozama yopingasana ngati mphini zimene agogo athu ankatema pathupi. Akatswiri a miyala amati palibe munthu anausema, mizereyo inabwera ndi kung'aluka kwa mwala, dzuwa ndi mvula. Asing'anga amaulemekeza, boma nalo limauteteza. Mphindi 10 zikukwana, ndipo osagobapo kachidutswa.

Ukatsika chitunda chomaliza nyanja imaonekera yonse kamodzi, ili waliwali. Mudzi ndi Chembe, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, m'boma la Mangochi. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Nyumba zatsatana ndi gombe mothithikana, kumbuyo kuli minda ndi milambe, kenako mapiri. Mapiriwo, zilumba ndi madzi ozungulira ndi za Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi. Mudziwo wangozunguliridwa ndi paki, monganso Msaka, Mvunguti ndi Zambo.

Kuno nthawi imayendera mphepo ndi mwezi. N'chifukwa chake tasankha kumapeto kwa Seputembala, mwera utachepa, mvula isanayambe, mwezi uli mumdima.

Lachiwiri

Chilumba cha Thumbi chili moyang'anizana ndi mudzi, ndipo pa boti la injini ndi ulendo wa mphindi zochepa. Tanyamuka 7 koloko isanakwane. Ola limeneli lili ndi chifukwa chake. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakummawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo gombe la Chembe ndi lotchingidwa ndi mapiri. Munthu ali pamchenga amaona madzi odekha pamene kuseri kwa zilumba kuli mafunde osweka. Alendo amanamizika apa. Mpoto, wa nyengo ya mvula, ndiye umalowa pagombe osatchingidwa ndi chilichonse. Mwini boti akati lero sitipita, musamukakamize ndi ndalama. Iye wayang'ana mtundu wa madzi kutali ndi mitambo ya pamapiri, zimene mlendo saziona.

Musanakwere funsani kuti, achimwene, majekete oyandamitsa alipo angati? Muwerenge nokha, mumange malamba ake muli pamtunda. Yang'anani ngati muli nkhafi, chigoba chokapira madzi ndi mafuta apadera m'chigubu. Injini zambiri zimazimira panyanja chifukwa cha mafuta osakanizika ndi madzi kapena pulagi yakuda, ndipo boti lopanda nkhafi limangotengedwa ndi mphepo. Mtengo wa boti ndi wina, ndalama yolowera m'paki ndi ina, ndipo Amalawi amalipira yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja. Tengani chiphaso chanu cha unzika, lisiti musunge m'kapulasitiki.

Chobwerera kuno ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala, kukula kwake ngati chala kapena chikhatho. Zina zabuluu wa mizere yakuda, zina zachikasu, zina zamawangamawanga. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina. Mbuna sizikonda kudutsa pamchenga woyera kapena pamadzi akuya, kotero gulu la pa chilumba chimodzi limatha kusiyana mtundu ndi la pa chilumba china chooneka ndi maso. Zimadya ndere pamiyala, ndipo mukakhala phee pansi pa madzi mumaziona zikupala mwala ndi timano tawo. Yang'anitsitsani yaikazi imene khosi lake latupa ndipo siikudya. Yasunga mazira m'kamwa, imakhala nawo pafupifupi milungu itatu mpaka aswe. Pali mitundu ina imene ana akatuluka, chikaoneka choopsa amathawira m'kamwa mwa mayi wawo.

Galasi loonera pansi pa madzi muliyese muli m'boti. Liikeni kumaso opanda lamba, kokani mpweya ndi mphuno. Likamatirira ndi labwino, likagwa lidzalowetsa madzi. Kuti lisachite nthunzi pakani malovu m'kati n'kutsukuluza pang'ono. Tsitsi likatsalira m'mphepete mwake madzi amalowera pomwepo. Valani malaya posambira, chifukwa msana ndi kumbuyo kwa miyendo zimapsa munthu osamva kanthu. Miyala ya m'madzi ndi yoterera ndi ndere, tsikani mokhala pansi.

Ena amamwaza buledi kuti nsomba ziunjikane. Ife sitikugwirizana nazo. Matumbo a mbuna ndi ataliatali, oyenera ndere, ndipo nsomba zozolowera buledi zimasiya makhalidwe awo amene munthu wabwerera kudzaona. Ingoyandamani osakupiza miyendo kwa mphindi ziwiri, zibwera zokha.

Pobwerera wotitsogolera waimba mluzu, walowetsa kabango m'kansomba kuti kasamire, waponya patali. Nkhwazi yachoka pamtengo, yatsika mopendeka, yatambasula zikhadabo, yatola, mapiko osanyowa. Kenako yabweza mutu kumbuyo n'kulira kulira kuja kumene aliyense wokulira kunyanja amakudziwa.

Madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi pazilumba zake ndi oletsedwa kuphamo nsomba. Nsomba yowotcha pachilumba igulidwe kumudzi musananyamuke, ndipo zinyalala zibwerere m'boti.

Lachitatu

Tsiku lino layamba dzulo madzulo. Dzuwa likamalowa kuseri kwa nyanja, maboti amanyamuka akukoka mabwato kumbuyo, ndipo mdima ukagwa nyali zimandandalika kutali ngati tauni yamera pamadzi. Kumeneko ndiye kupha usipa kwa kauni, kokopa nsomba ndi nyali usiku.

Khoka lake ndi chilimila. Pamafunika maboti awiri ndi bwato limodzi la nyali, alovi, anthu okoka khoka, pafupifupi 10. M'bwatomo mumakhala siginala, ndipo ntchito yonse yagona pa iye. Kale nyali zinali za palafini zopopa, masiku ano ambiri agwira za mababu ndi mabatire. Siginala amakhala duu, kuwala kumasonkhanitsa usipa pansi pa bwato, ndipo iye amayang'ana madzi mpaka aone kuti wakwana. Akakuwa, maboti awiri aja amaponya khoka mozungulira, chingwe cha pamwamba chikuyandama, cha pansi chikumira ndi miyala, n'kukumana. Alovi amakoka mofanana mbali zonse, siginala akupalasa pang'onopang'ono kulondolera nsomba kuthumba la khoka. Mbali ina ikafulumira khoka limapendama, usipa umathawira pansi. Mafunde a pansi pa madzi akakhala amphamvu khoka silitambasuka bwino, ndipo likakodwa pamwala limang'ambika. Usiku umodzi amaponya kangapo. Mwezi ukawala nyali sizikoka nsomba, asodzi amakhala pamthunzi kusoka maukonde, mtengo wa usipa n'kukwera. Wobwera mwezi uli mbee saona chilichonse cha zimenezi.

Pofika 5 koloko m'mawa tinali padoko. Maboti asanagunde mchenga amayi ogula alowa kale m'madzi mpaka m'chiuno, mabeseni pamutu, aliyense akuitana dzina la mwini boti amene amagulana naye. Usipa amayeza ndi chigoba kapena ndowa. Mtengo wa boti loyamba si wa boti lomaliza, umasintha malinga ndi kuchuluka kwa nsomba zimene zikutsika. Mlendo aime pambali, asadutse pamwamba pa khoka kapena chingwe, ndipo apemphe asanajambule. Moni wa "mwadzuka bwanji amayi" amatsegula zambiri.

Usipa suchedwa kuonongeka, mimba yake imaphulika dzuwa likangotentha. Wina amauyanika wauwisi pa thandala, tebulo lalitali la mitengo loyalapo bango kapena ukonde kuti mphepo izidutsa pansi. Uyalidwe mopyapyala ndi kutembenuzidwa, ndipo dzuwa la Seputembala limaumitsa m'masiku awiri kapena atatu. Ukaunjikana, wa pansi umachita thukuta n'kuwawa. Wina amaufutsa. Madzi a mchere amabwata m'chimphika, usipa umalowetsedwa m'dengu kwa kanthawi kochepa, n'kuutsanulira pa thandala. Ukapitirira kupsa umanyenyeka, ukachepa umanunkha m'thumba. Wofutsa ndi wokoma komanso wokwera mtengo, koma umadya nkhuni, ndipo nkhuni kuno ndi nkhani. Amayi a m'midzi iyi amaloledwa kutola nkhuni zouma m'paki ndi chilolezo, kudula mtengo wauwisi ndi mlandu. Nyengo ya mvula ndiyo yotayitsa, mitambo ikakhala masiku awiri ntchentche zimaikira, ndipo ndowa zathunthu zimasanduka chakudya cha nkhuku.

Pogula wouma tengani umodzi muuthyole. Wabwino umathyoka kuti thyo, ndi wowala ngati siliva. Wofiirira, wonunkha mafuta akale, wakhalitsa. Pisani dzanja pansi pa dengu, mukapeza ufa ndiye kuti tizilombo talowamo. Wonunkha mankhwala usiyeni. Nsomba yaiwisi muiyang'ane maso, akhale owala, tsegulani m'mbali mwa mutu momwe imapumira mukhale mofiira, ndipo mukadina ndi chala mnofu ubwerere.

Chambo chachepa kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo mlendo amatha kugulitsidwa nsomba ina m'dzina la chambo. Kampango, ncheni ndi utaka ndi zokoma pazokha, palibe chifukwa chozinyozera. Chimene chimatipweteka mtima ndi masikito ogawidwa kuti ateteze ana ku malungo, amene ena amawasokerera ku khoka. Maso ake ndi ang'onoang'ono moti amakokolola ndi ana a nsomba omwe. Lamulo limaletsa, ndipo makomiti a padoko amalimbana nazo. Kuyambira pa 1 Novembala boma limatsekanso makoka ena kuti chambo chiswane. Wogula naye ali ndi mbali yake, chambo chaching'ono ngati zala ziwiri achikane.

Masana tapuma. Mudzi wonse umapuma, alovi ali m'tulo pansi pa mitengo.

Lachinayi

Kumapeto kwa gombe, mbali ya kumadzulo, kuli chipata cha paki. Kuyenda wapansi kuchokera pakati pa mudzi ndi kosavuta ngati mwalawirira, koma mchenga wa masana umaotcha mapazi. Podutsa m'mudzi amayi amange chitenje, abambo avale malaya. Zovala zosambira ndi za m'madzi. Pagombe pali malo amene amayi amasamba ndi kuchapa, ena a abambo, ndipo mukafika pamenepo mudzere kumtunda. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro. Tsikani panjinga, vulani chipewa, zimitsani wailesi.

Chapafupi ndi chipatacho, m'munsi mwa phiri, pali manda a amishoni. Mu Okutobala 1875 gulu la ku Scotland lotsogoleredwa ndi E. D. Young, muli Dr Robert Laws, linafika kuno pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala. Sitimayo inachita kuphwasulidwa, anthu n'kusenza zidutswa zake pamutu kulambalala mathithi a Shire, n'kuimanganso kumtunda. Dzina lake linachokera ku dera limene Livingstone anafera mu 1873. Livingstonia yoyamba inali pano. Doko linali labwino, koma malungo sanawasiye. Dr William Black anamwalira mu 1877, chaka chomwecho ndi Shadrach Ngunana, mphunzitsi amene anachokera ku Lovedale ku South Africa. Onse agona pano. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, chaka chimene mishoni inasamukira ku Bandawe, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Ana asukulu ambiri amaloweza za Livingstonia ya ku Rumphi osadziwa kuti inayambira pa kamalo aka ka miyala ndi mitengo. Mphunzitsi amene angakwanitse kubweretsa kalasi yake kuno achite zimenezo.

M'kati mwa chipata muli kanyumba kosungiramo zinthu zophunzitsa za nyanja, nsomba ndi mbiri ya derali, komanso mlambe waukulu wakalekale. Malo amenewa ndi Golden Sands. Mu 1949 ndi 1950 ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi zinkaima kuno paulendo wa pakati pa England ndi South Africa.

Kanjira kamapitirira mpaka ku Otter Point, pomwe miyala ikuluikulu yasanjikizana kulowa m'madzi. Dzinalo ndi la akatumbu, koma kuti muwaone mufike m'bandakucha kapena dzuwa likulowa, mwakachetechete. Mbira zimaothera dzuwa pamiyala, ng'azi zimasambira mutu uli pamwamba. Mbuna zilipo zambiri, ndipo kwa amene alibe ndalama ya boti malo ndi ano. Anyani a kuno sachita mantha. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, jumbo ya pulasitiki m'manja amailanda. Musawapatse kanthu, chifukwa nyani wozolowera kupatsidwa ndiye amaluma mwana.

Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi analowa m'malo ogona alendo ambiri m'boma la Mangochi. Gombe limene munaliona pa chithunzi chakale likhoza kukhala lina lero, choncho imbani foni mufunse musanalipire chipinda.

Lachisanu

M'mawa tapita ku Domwe, chilumba chachikulu cha kumpoto kwa mudzi, chopanda mudzi pamenepo. Pakati pa icho ndi mtunda pali kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap, ndipo madzi amathamanga pamenepo, si posambira munthu wongophunzira. Opalasa timabwato ta pulasitiki atsate gombe, asadule pakati, ndipo popita alimbane ndi mphepo kuti pobwerera, mikono itatopa, iziwakankha. Chilumba cha Mumbo chili kutali, pafupifupi makilomita 10, chimafuna tsiku lakelake. Okonda mapiri angakwere kuseri kwa mudzi kapena kudutsa mpaka ku Msaka, koma anyamuke 5 koloko, ndi wotsogolera, malita awiri a madzi munthu aliyense. Tinjira ta otola nkhuni ndi tambiri ndipo timasokeretsa.

Tisanachoke, nkhani ya likodzo. Kwa Chembe liliko. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi osaya, timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kungoima m'madzi. Nkhonozo zimalandira matenda munthu wodwala akakodzera m'nyanja, n'chifukwa chake madzi a kutsogolo kwa mudzi ndi oopsa kuposa a kumiyala ya kuzilumba. Ofufuza anapezanso kuti nkhono zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa ndi makoka a m'mphepete. Kudzipukuta msanga potuluka m'madzi si chitetezo chokwanira.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo ambiri amalakwitsa nthawi yomwera. Akamwa tsiku lochoka kunyanja sagwira, chifukwa amapha nyongolotsi zokhwima zokha. Dikirani milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi. Muyezo ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo m'bulu umodzi ndi mamiligalamu 600, kotero munthu wa makilogalamu 60 amamwa mibulu inayi. Mumwe mutadya nsima, chifukwa pamimba yopanda kanthu amabweretsa chizungulire ndi nseru. Ana ndi amayi oyembekezera apite kuchipatala akawayeze ndi kuwapatsa muyezo wawo. Magazi kumapeto kwa mkodzo ndi chizindikiro, koma matendawa amakhala zaka osaonekera akuononga chikhodzodzo, choncho musadikire magaziwo.

Malungo nawo ndi omwe aja anagoneka amishoni. Gonani m'masikito, ndipo thupi likatentha patapita mlungu umodzi kapena iwiri kayezetseni tsiku lomwelo, muwauze kuti munali kunyanja. Madzi akumwa muwiritse kapena muthire kulorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavutitsa kwambiri madera a m'mphepete mwa nyanja.

Usipa wonyamula ukhale m'katoni kapena m'thumba la mpweya, m'pulasitiki umachita thukuta usanafike ku Golomoti. Tanyamuka 1 koloko kuti tikwere Khwekhwerere kukuwala. Tapatukira kaye ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala yamakono, imene inamangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Wofuna kupitirira nayo ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay afunse tsiku lonyamuka padoko pomwepo mlungu womwewo, chifukwa sitimayo ikalowa kokonzedwa ndondomeko imasintha.